Kumene Phula Lathera: Malangizo kwa Achinyamata Okonza Galimoto za 4x4

M'Malawi muno, monganso ku Zambia ndi ku Mozambique, misewu yambiri yofika kumene anthu akukhala ndi ya dothi, ndipo mvula ikangokhazikika mu Disembala misewuyi imasanduka matope, makhwawa opanda milatho amadzaza, kotero kuti galimoto imene ingafike pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kapena pa sukulu ya kuseri kwa phiri ndi yokhayo imene matayala ake onse anayi amalandira mphamvu kuchokera ku injini, imene anthu amangoitchula kuti 4x4. Ku Australia, ku America ndi ku South Africa kuli anthu ambiri amene amasintha galimoto zoterezi kuti azikasewera nazo m'mapiri ndi m'zipululu pa masiku opuma, ndipo makanema awo, amene adzaza pa YouTube ndi pa Facebook, akopa mitima ya achinyamata ophunzira umakaniko, amene akaona galimoto yokwezedwa, ya matayala aakulu ndi zitsulo zonyezimira, amayesa kuti luso lonse lagona pamenepo. Koma galimoto ya kuno kawirikawiri imanyamula mayi woyembekezera amene nthawi yake yakwana, katemera wofunika kufika asanatenthe, kapena matumba a feteleza amene mbewu ikudikira, ndipo ikafera panjira sipakhala gulu la anzake lotsatira m'mbuyo ndi zipangizo. N'chifukwa chake mnyamata kapena mtsikana wolowa ntchitoyi ayenera kugwiritsa mfundo imodzi kuyambira pachiyambi: kukonza kumatsogola, kusintha kumabwera pambuyo, ndipo chilichonse chowonjezedwa pa galimoto chimalipiridwa ndi chiwalo china cha galimoto yomweyo.

Ntchito imayamba ndi kuidziwa galimoto imene yaima pa galaja, pakuti si galimoto iliyonse yayitali ndi yooneka yamphamvu imene inapangidwira tchire. Galimoto zimene zinatchuka ndi kupirira, monga Land Rover imene inatuluka ku Britain mu 1948, ndi Land Cruiser ya kampani ya Toyota imene inayamba mu 1951 n'kupatsidwa dzinali mu 1954, zinamangidwa pa chasisi, kutanthauza zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa, pamene injini, giyabokosi ndi thupi la galimoto zimakhazikika. Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene inayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ikupangidwabe, ndiyo imaoneka kwambiri ngati ambulansi m'zipatala za m'maboma komanso ngati galimoto ya mabungwe, ndipo injini yake yotchedwa 1HZ, ya dizilo, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, yopanda turbo, imakondedwa chifukwa mmisiri wodziwa angathe kuikonza pansi pa mtengo ndi zipangizo za m'bokosi limodzi. Palinso galimoto zina, monga RAV4, X-Trail ndi CR-V, zimene thupi lake ndi chasisi n'chinthu chimodzi ndipo zilibe giya yotsika yokwerera mtunda woopsa. Zimenezi zimayenda bwino pa msewu wa dothi wopalidwa, koma mwini wake akapempha kuti zikwezedwe kuti zizikafika kumene Land Cruiser imafika, makaniko woona mtima amuuze mwaulemu kuti ndalama zakezo zikagwire ntchito ina.

Galimoto zambiri za 4x4 zimafika m'manja mwa eni ake zitagwira kale ntchito zaka zambiri, zina zochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, zina zochokera ku Britain, zinanso zogulidwa pa malonda pamene bungwe lazitaya. Penti watsopano ndi mipando yochapidwa bwino zimanyenga wogula, ndipo apa m'pamene akale ananena kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Makaniko agone pansi pa galimoto ndi tochi ndi hamala yaying'ono, agogode chasisi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene masipuling'i amamangiriridwa, pamene bokosi la chiwongolero lagwira, ndi m'makona mmene matope amatsalira. Chitsulo chabwino chimalira momveka, pamene chodyedwa ndi dzimbiri chimalira mogontha n'kuyoyoka mamba ofiira. Galimoto zochokera kumayiko ozizira zimavutika kwambiri ndi dzimbiri chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu. Mng'alu wa pa chasisi ungathe kuwotchereredwa, koma ndi mmisiri amene wauzolowera, atachotsa mawaya a batire, atabowola kabowo kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire, ndiponso ataikapo chigamba chosongoka mbali zonse kuti mphamvu isasonkhane pa mzere umodzi. Zitsulo za chiwongolero zokha siziwotchereredwa ndipo siziwongoledwa ndi moto: zikapindika zimachotsedwa n'kuikapo zina, chifukwa chitsulo chotere chikathyoka galimoto ili pa liwiro, dalaivala amatsala ndi chiwongolero chimene sichikulamulanso kanthu.

Wophunzira ayeneranso kumvetsa njira imene mphamvu imadutsa isanafike pa dothi. Kuseri kwa giyabokosi kuli bokosi lachiwiri, lotchedwa transfer case, limene limagawa mphamvu ku matayala akumbuyo ndi akutsogolo, ndipo pa galimoto zambiri lili ndi malo atatu: H2 yoyendera pa phula ndi matayala akumbuyo okha, H4 yoyendera pa matope ndi mchenga, ndi L4 imene imachepetsa liwiro pafupifupi ndi theka kapena kuposerapo kuti mphamvu yokoka ichuluke. Pa galimoto zotere H4 imakakamiza ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo kuzungulira mofanana, chonsecho pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo; pa dothi kusiyanaku kumathera m'kuterereka pang'ono, koma pa phula louma kulibe kothawira, ndipo kumapotokola mashafiti ndi magiya mpaka china chitathyoka. Madalaivala ambiri sadziwa zimenezi, ndipo makaniko amene wasintha magiya osamufotokozera dalaivala chimene chinawaphwanya wagwira theka la ntchito. Pakati pa ekiselo iliyonse pali difu, bokosi la magiya limene limalola thayala lakumanja ndi lakumanzere kuzungulira mosiyana pokhota. Vuto la difu n'lakuti thayala limodzi likalendewera m'malere kapena likakhala pa matope oterera, limazungulira lokha pamene linzake lili chiimire. Chipangizo chotseka difu, chimene chimamanga matayala awiriwo pamodzi, chimathetsa vutoli, ndipo pa zonse zimene zingawonjezedwe pa galimoto ya m'matope, ichi chimathandiza kuposa zambiri zooneka ndi maso, ngakhale kuti nachonso chili ndi mtengo wake, popeza mphamvu yonse ikapita pa thayala limodzi logwira pansi, shafiti ya mbali imeneyo ingathe kuduka ngati dalaivala aponda moto mopanda chifundo.

Malo amene amaonetsa msanga ngati galimoto inkasamalidwa ndi kumapeto kwa ekiselo yakutsogolo. Pa Land Cruiser ya mtundu wa 70 kapena 80, kuseri kwa thayala lililonse lakutsogolo kuli chitsulo chobulungira chimene thayala limakhoterapo, ndipo m'kati mwake muli mfundo yotchedwa Birfield, imene imalola shafiti kuzungulira ngakhale thayala litakhota. Mfundoyi imakhala m'girizi wakuda wokhala ndi molybdenum, pamene difu imakhala mu oyilo, ndipo pakati pa ziwirizi pali kamphira kotsekera kuti zisasakanikirane. Kamphiraka kakatha, oyilo amalowa mu girizi n'kumusungunula, ndipo chimene makaniko amaona ndi phala lakuda lonunkha, losakanikirana ndi fumbi, likutsikira kuseri kwa limu, nthawi zina mpaka pa mabuleki. Wosadziwa amangopukuta n'kuwonjezera girizi. Wodziwa amakweza galimoto, n'kugwira thayala pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza kuti amve ngati mabering'i akhwepa, kenaka amamasula zonse, kutsuka chidutswa chilichonse, kuyang'ana ngati mipira ya m'mfundo yakumba tinjira, n'kubwezera ndi timphira tatsopano, akumanga mabawuti ndi sipanala yoyeza mphamvu monga mwa buku la galimotoyo. Ntchitoyi ndi yauve ndipo imadya tsiku lathunthu, komanso mwini galimoto saiona akaima pataliko, komabe ndi yomwe imachititsa kuti thayala lisatsalire m'mbuyo galimoto ikutsika phiri.

Pamwamba pa ekiselo iliyonse pali kabowo kopumira, chifukwa oyilo akatentha mpweya wa m'kati umafufuma ndipo uyenera kutuluka. Galimoto yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweyawo umafota mwadzidzidzi n'kukoka madzi kudzera pa kabowoko kapena pa timphira, ndipo oyilo amasanduka wotuwa ndi wamadzimadzi, wosathanso kuteteza magiya. Kulumikiza kapaipi ka mphira pa kabowoko n'kukakweza mpaka m'chipinda cha injini ndi ntchito yotsika mtengo kwambiri, koma imapulumutsa difu imene mtengo wake ndi wa miyezi yambiri ya malipiro. Achinyamata ambiri amadumpha zimenezi n'kuthamangira snorkel, paipi yayitali imene imakweza polowera mpweya wa injini kufika pafupi ndi denga. Snorkel ndi yabwino, makamaka m'chilimwe pamene imakoka mpweya pamwamba pa fumbi lochuluka, koma iyenera kumatidwa bwino pa mfundo iliyonse, ndipo siisandutsa galimoto kukhala bwato. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya kwambiri, kuposa ka 20 pa injini ngati 1HZ, ndipo madzi sapanikizika, kotero kuti madzi ochepa olowa mu silinda amapinda chitsulo cholumikiza pisitoni nthawi yomweyo. Injini ikazimira m'madzi isalizidwenso mpaka ma injector kapena mapulagi otenthetsera atachotsedwa ndipo madzi atatulutsidwa. Kampani ya Toyota imapereka malire a mamilimita 700 pa kuya kwa madzi amene Land Cruiser ya mtundu wa 70 ingawoloke, ndipo malire amenewa amanena za madzi odekha. Madzi othamanga ndi nkhani ina, monga zinaonekera m'chigawo cha kummwera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene misewu ndi milatho zinakokoloka. Madzi otere amakumba pansi pa msewu mosaoneka ndipo amanyamula galimoto yolemera matani awiri kapena atatu. Dalaivala wanzeru amatsika, amafunsa anthu a pamalopo, amenenso amadziwa ngati mumtsinjemo muli ng'ona asanalowemo munthu kukayesa kuya kwake, ndipo madzi akakhala okwera amadikira.

Pa zonse zimene zingasinthidwe, matayala ndiwo ayenera kulingaliridwa motalika, chifukwa mphamvu ya injini, magiya ndi mabuleki zimathera pa malo anayi ang'onoang'ono pamene mphira yakhudza dothi. Pali matayala olembedwa AT, opangidwira phula ndi dothi lomwe, ndi olembedwa MT, a mano akuluakulu otalikirana amene amalavula matope pozungulira. Pa makande, dothi lakuda lomata la m'chigwa cha Shire ndi m'madambo a ku Phalombe, thayala la mano ang'onoang'ono limadzaza n'kusanduka losalala, ndipo apo MT imapambana. Koma pa phula lonyowa MT imachedwa kuima, imasokosa ndipo imatha msanga, kotero kuti galimoto imene imathera masiku ambiri pakati pa Lilongwe ndi Blantyre imataya zambiri kuposa zimene ikupindula. Funso loyamba la makaniko kwa mwini galimoto likhale lakuti galimotoyi imayenda kuti masiku ambiri, osati kumene inatitimirako kamodzi chaka chatha. Matayala onse akhale a msinkhu umodzi, pamodzi ndi la sipeya, popeza matayala osiyana amavutitsa difu ndi transfer case. Pa matayala ogula kale kwa ena, makaniko awerenge manambala anayi otsiriza a pambali pa zilembo za DOT, amene amanena sabata ndi chaka chimene thayalalo linapangidwa, mwachitsanzo 2319 kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019, chifukwa mphira imauma ndi kung'aluka ndi zaka ngakhale mano akadalipo.

Mpweya wa m'thayala ndi chida chimene sichigulidwa, komabe ambiri sachigwiritsa ntchito. Thayala likaphwetsedwa pang'ono, malo ake okhudza pansi amatalika, ndipo galimoto imene imadzikumbira dzenje mu mchenga wa m'mbali mwa nyanja ingathe kudutsa bwinobwino mpweya ukatsitsidwa kufika pafupifupi 1.5 bar. Mtengo wake n'ngwakuti thayala lophwa limatentha pa liwiro ndipo lingavuke pa limu pokhota mwamphamvu, kotero kuti pampu yabwino ndi choyezera mpweya ziyenera kukhala m'galimoto, ndipo mpweya ubwezeredwe galimoto isanakwere phula. Pano payenera kutchulidwanso ngozi imene yapha ndi kulumaza okonza matayala m'mayiko ambiri: malimu ogawanika, amene amapezeka pa Land Cruiser zambiri zovala matayala a 7.50R16 okhala ndi chubu, ali ndi mkombero wa chitsulo umene ukapanda kukhala bwino m'malo mwake umafwamphuka ndi mphamvu yoopsa pamene thayala likupopedwa. Wophunzira asawerame pamwamba pa limu yotere popopa. Aipope ili m'khola la zitsulo, kapena itamangidwa ndi tcheni, mkomberowo utayang'ana kumene kulibe munthu.

Kukweza galimoto ndiko kumakopa achinyamata kuposa china chilichonse, ndipo n'komwenso kulakwitsa kumachuluka. Pa galimoto ya ekiselo yathunthu, malo otsikitsitsa ndi mimba ya difu, ndipo masipuling'i aatali amakweza thupi ndi chasisi koma difu imatsala pomwe inali. Chimene chimakweza difu ndi thayala lalikulu lokha, ndipo thayala lokulirapo ndi mamilimita 50 limangoikweza ndi mamilimita 25. Pa mamilimita 25 amenewa galimoto imalipira zambiri: injini imavutika poyamba kuyenda ndi pokwera mtunda, kilachi imatha msanga, mabuleki amafuna mtunda wautali, mabering'i ndi zitsulo za chiwongolero zimalemedwa, ndipo choyezera liwiro chimanama, chikuonetsa 80 pamene galimoto ili pafupi ndi 85. Kukweza kwa masipuling'i kukapitirira pafupifupi mamilimita 50 kumabweretsa zake. Mapaipi a mphira a mabuleki amakokeka thayala likalendewera. Shafiti yochokera ku transfer case imapendekeka kwambiri n'kuyamba kunjenjemera. Ngodya yotchedwa caster, imene imachititsa chiwongolero kubwerera pakati chokha galimoto ikatha kukhota, imachepa pa galimoto za masipuling'i opota, ndipo galimoto imayamba kuyendayenda pa msewu. Galimoto zambiri zakale zili ndi valavu kumbuyo imene imayeza katundu poona kutalika kwa thupi pamwamba pa ekiselo, n'kumagawa mphamvu ya mabuleki moyenera. Galimoto ikakwezedwa valavuyo osaikonza, imayesa kuti galimoto ilibe katundu ndipo imachepetsa mabuleki akumbuyo pa nthawi imene akufunika kwambiri. Pa Hilux za masiku ano, Prado ndi Pajero, zimene thayala lililonse lakutsogolo limayenda palokha, kukweza kwambiri kumapinda mfundo za mashafiti kufikira timatumba take ta mphira titang'ambika, girizi n'kutayika, mchenga n'kulowa.

Choopsa kuposa zonsezi n'chakuti galimoto yokwezedwa imagubuduzika msanga, popeza kulemera kwake kwakwera kutali ndi dothi, ndipo 4x4 ndi yayitali kale poyerekeza ndi m'lifupi mwake. Kukweza pang'ono ndi masipuling'i atsopano oyenerana ndi katundu amene galimoto imanyamula, pamodzi ndi ma shock absorber a utali woyenera, amene ntchito yake ndi kuletsa masipuling'i kudumphadumpha, ndi ntchito yabwino, makamaka pa galimoto imene masipuling'i ake akale anagona. Koma njira zachidule zimene zimaoneka m'magalaja ena, monga kutenthetsa masipuling'i ndi moto kuti apindike, kutalikitsa zokolowekera zake ndi zidutswa za zitsulo zotola, kapena kuika zipika za zitsulo pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi masipuling'i, ziyenera kukanidwa ngakhale mwini galimoto atalonjeza kuwonjezera malipiro. Moto umachotsa kulimba kumene sipuling'i inapatsidwa ku fakitale, ndipo sipuling'i yotere imathyoka posachedwa, kawirikawiri galimoto itasenza.

Kulemera kumawonjezeka mwakachetechete. Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera kwake konse, olembedwa pa kachitsulo ka pa thupi lake kapena m'buku lake, ndipo chitsulo chotchinga kutsogolo, winchi, batire lachiwiri, kaliyala ya padenga ndi thanki yowonjezera zimadya gawo la katundu ndi anthu amene ikananyamula. Chigubu chimodzi cha chitsulo cha malita 20 a dizilo chimalemera kuposa makilogalamu 20, ndipo zigubu zinayi zikakwezedwa padenga pamodzi ndi thayala la sipeya, galimoto imakhala itasenza kuposa makilogalamu 100 pamalo oipitsitsa. Zolemera zikhale pansi, pakati pa ma ekiselo, zitamangidwa. Padenga papite zopepuka. Chitsulo chotchinga kutsogolo chimateteza radiyeta galimoto ikagunda mbuzi kapena chitsa, koma m'misewu yodzaza ndi anthu oyenda pansi, ana a sukulu ndi akabaza, chitsulo chomwecho chimavulaza munthu kuposa bampala wamba, ndipo pa galimoto zokhala ndi airbag, thumba lofufuma pa ngozi, chitsulo chowotcherera m'galaja chingasokoneze nthawi imene thumbalo liyenera kutuluka. Mfundo imeneyi siyenera kubisidwa kwa mwini galimoto.

Injini imafuna zinthu zitatu zaukhondo, mpweya, mafuta ndi madzi, ndipo kusamala zimenezi kumaposa kufunafuna mphamvu yowonjezera. Fyuluta ya mpweya iyang'anidwe pafupipafupi m'nyengo ya fumbi, ndipo ya pepala isachapidwe ndi madzi kapena kumenyetsedwa pa mwala. Injini zatsopano za dizilo, za mtundu wa common rail monga 1KD ndi 1GD za mu Hilux, Fortuner ndi Prado, zimapopa mafuta pa mphamvu yaikulu kwambiri, ndipo madzi pang'ono kapena parafini wosakanizidwa mu dizilo wogulidwa m'zigubu za m'mbali mwa msewu zimawononga pampu ndi ma injector okwera mtengo, kotero kuti fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi ndi imodzi mwa zowonjezera zochepa zimene zimabweza ndalama zake. Radiyeta imatsekeka ndi matope ouma ndi njere za udzu, ndipo m'chigwa cha Shire, kumene kutentha kumaposa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, radiyeta yotsekeka theka ndi yokwanira kung'alula mutu wa injini. Udzu wouma wokodwa pa ekizosi yotentha wayatsapo galimoto zambiri m'tchire. Kumtunda kwa Nyika, kumene msewu wopita ku Chelinda umakwera kuposa mamita 2,000, injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake pa mamita 1,000 aliwonse chifukwa mpweya wachepa, ndipo ena amafuna kubwezera mphamvuyo potembenuza sikuluwu ya mafuta pa pampu. Zotsatira zake ndi utsi wakuda ndi kutentha kopitirira m'masilinda, popeza chimene chachepa ndi mpweya, osati dizilo. Lamba woyendetsa mavalavu pa 1HZ asinthidwe pa nthawi imene buku likunena, chifukwa akaduka mavalavu ndi mapisitoni zimawombana.

Galimoto ikatitimira, nthawi yoopsa kwambiri ndi yoikoka. Mpira wa chitsulo wa kumbuyo wokokera ngolo sunapangidwire kugwedeza kwa chingwe chotamuka, ndipo ukathyoka umauluka ndi mphamvu yokwanira kuboola galasi n'kupha munthu wokhala m'galimoto inayo. Timakoko tating'ono ta pansi pa galimoto, timene tinaikidwa kuti imangiriridwe m'sitima, natonso si tokokera. Makaniko amene akukonzekeretsa galimoto ya kutchire aike zokokera zolimba, zomangidwa pa chasisi ndi mabawuti amphamvu, ndipo aphunzitse dalaivala kuti ayambe wafukula matope kutsogolo kwa matayala ndi pansi pa difu ndi fosholo kapena khasu, aphwetse matayala, aike nthambi kapena matabwa, ndipo kukoka kukhale komaliza, anthu onse, makamaka ana amene amathamangira kudzaonerera, ataima patali kuposa utali wa chingwe. Jeke yayitali ya kutchire imakweza galimoto yokwiririka, koma mpini wake umamenya nsagwada ukapulumuka m'manja, ndipo palibe munthu woyenera kulowa pansi pa galimoto yoimira pa jeke yokha. Pali nkhani inanso ya ulemu imene siyenera kuiwalika: msewu ukaipa, madalaivala ena amapatukira m'munda wa munthu n'kupondereza chimanga chimene banja likudalira chaka chonse. Mphamvu ya galimoto siipereka chilolezo chotero. Eni munda kapena a mfumu a pamalopo afunsidwe, ndipo anyamata a m'mudzi amene akankha galimoto m'matope athokozedwe moyenera.

Pa nkhani ya zipangizo, m'misika ya masipeya monga ku Biwi mu Lilongwe ndi ku Ndirande mu Blantyre muli zenizeni, zakale zabwino, komanso zonamizira zovala bokosi lokongola, ndipo kuzisiyanitsa ndi luso limene limabwera poyerekeza kulemera, kusalala ndi zolemba za chipangizo chatsopano ndi chakale chimene chachotsedwa. Pa nyali kapena chotsegulira chitseko munthu angathe kusunga ndalama, koma pa mabuleki, mabering'i a matayala, mfundo za chiwongolero ndi lamba wa injini asatero. Galimoto yosinthidwa iyenerabe kupambana poyesedwa ku Directorate of Road Traffic and Safety Services kuti ilandire COF, chikalata chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ndipo kampani ya inshuwalansi iuzidwe za kusintha kwakukulu, kuopa kuti ingadzakane kulipira ngozi itachitika. Wachinyamata amene anaphunzirira pa galaja ya kwa amalume ake amapindula akawonjezera maphunziro a m'makoleji a luso oyang'aniridwa ndi TEVETA, makamaka pa za magetsi ndi makompyuta a m'galimoto zatsopano, monganso wochokera ku koleji amapindula akadzichepetsa pamaso pa amisiri akale amene amamva vuto la injini ndi khutu.

Ntchito ikatha, galimoto isaperekedwe isanayesedwe pa msewu wofanana ndi umene ikukayenda, itasenza katundu wofanana ndi wa masiku onse. Mabawuti opindika omanga masipuling'i pa ekiselo amakhwepa masipuling'i atsopano akakhazikika, ndipo ayenera kumangidwanso galimoto itayenda makilomita mazana angapo, pamodzi ndi manati a matayala. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi m'kupita kwa nthawi ndipo amawira msanga akatentha, choncho asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse, makamaka pa galimoto imene yalemera ndi zowonjezera. Pa msewu ngati wa Golodi, wotsika kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba ndi makona akuthwa pafupifupi 20, dalaivala wodalira phazi lokha amafika pakati mabuleki atatentha ndi kulefuka, ndipo makaniko asanapereke makiyi amukumbutse kuti malo otere amatsikidwa ndi giya yotsika, injini ikugwira galimoto, phazi lili kutali ndi kilachi. Alembenso m'kabuku kokhala m'galimotomo zonse zimene zasinthidwa, mtundu wa oyilo ndi girizi, nambala ya masipuling'i ndi ya mafyuluta, ndi makilomita amene ntchitoyo yachitikira, kuti mmisiri wina amene adzaitsegule ku Chitipa kapena ku Nsanje adzadziwe poyambira.